A Matewere ndi mawu amene anawaletsa kutchula

Chaka chatha tsopano chinyamukireni maliro a agogo Matewere kuno ku Nairobi kupita kwawo ku Thyolo. Lamlungu lapitali, titamaliza mapemphero amene ife Amalawi timachita patokha, bambo wina anaimirira kuti athokoze amayi ophika tiyi. Anathokoza, nathokozanso, nayamba kufotokoza za ubwino wa umodzi, mpaka tiyi uja anazizira m'makapu. Mayi amene anakhala pafupi nane anandigunyuza ndi chigongono nandinong'oneza kuti, "Akanakhalapo madala aja, bwenzi atatsokomola kale." Tinaseka chobisa nkhope ngati ana a sukulu. Ndili m'njira kubwerera kunyumba ndinaganiza zoti ndilembe za iwo ndisanayambe kuiwala.

Chifuwa chawocho chinali chodziwika. A Matewere sankadula munthu mawu, ankati kutero n'kupanda mwambo. Koma wolankhula akayamba kuzungulira ngati mbuzi ya pachingwe, munkamva kukhosi kwawo kukuyeretsedwa pang'onopang'ono. Abusa, apampando a komiti, amalume a mkwati, onse ankachidziwa chifuwa chimenechi. Akakondwera ndi mawu a munthu ankangogogoda pansi ndi ndodo, ndipo amene wagogoderedwa ankayenda moyerekedwa mlungu wonse.

Kuno anabwera atakalamba kale. Mkazi wawo, mayi Esinati, atamwalira, mwana wawo Tamanda anakana zowasiya okha kumudzi. Tamanda amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko, ndipo amakhala m'nyumba zosanjikizana za ku Kilimani. Ine ndine namwino pa kachipatala kena ku Kibera, ndipo ndimakhala kufupi ndi kwawoko. Tamanda akapita ku maulendo ake osatha aja, ine ndi amene ndinkawatenga agogo pa galimoto kupita nawo ku mapemphero. M'menemo ndi m'mene ndinawadziwira, tikukwawa mu mdipiti wa magalimoto wa msewu wa Ngong.

Anthu ambiri amatopa nawo mdipiti umenewu, koma iwo ankaukonda. Ankatsitsa galasi kuti amve makondakitala a matatu, minibasi za kuno zija, akuitanira anthu.

"Tamumverani uyo, mayi," ankatero akuloza mnyamata wolendewera pachitseko akukuwa kuti tao, tao, kutanthauza m'tauni. "Sakunena kuti tili ndi ndondomeko yopititsa patsogolo kayendedwe ka anthu. Wanena kumene akupita, wanena mtengo, wakusiyirani malo. Ameneyu angathe kuyendetsa dziko."

Moyo wawo wonse anali kalipentala ndiponso mkulu wa mpingo. Sukulu sanapite nayo patali, koma Chingerezi ankachilankhula mosamala ngati akupala thabwa, ndipo nyuzipepala ankaiwerenga kuyambira patsogolo mpaka pa zamasewera. Ankanena kuti mawu abwino ali ngati mpando, wopanga ndi iwe koma wokhalapo ndi wina, choncho uziyeza msana wa mnzako osati wako. Ankanenanso kuti ngati mayi wobereka mwana sangathe kukafotokozera apongozi ake zimene wamva pa msonkhano, ndiye kuti pa msonkhanopo sipananenedwe kanthu.

Chilankhulo cha m'maofesi athu ndiye chinkawapweteka m'makutu. Tsiku lina Tamanda ankakonzekera zokalankhula pa msonkhano, akuwerenga mokweza za kupatsa mphamvu anthu a kumidzi. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Mphamvuzo anawalanda ndani?" Tamanda anati zimenezo sizikhudzana ndi msonkhanowo. Iwo anati, "Ukamabweza mbuzi, mwanawe, anthu amafuna kudziwa kuti inali m'khola la yani." Tamanda anandiuza kuti anakwiya, anamenyetsa chitseko, koma m'mawa mwake anasintha chiyambi chonse.

Mnzawo wa pamtima analinso mdani wawo wamkulu, Mzee Wanjohi, Mkenya wopuma pa ntchito ya njanji amene amakhala m'nyumba ya pansi. Awiriwa ankakhala pa benchi pafupi ndi geti, akukangana m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili chothyokathyoka cha a Matewere. Mkangano wake unali umodzimodzi. Mzee ankati Akenya ufulu anaulanda ndi magazi m'nkhalango, pamene anthu a ku Nyasaland ankangochititsa misonkhano. A Matewere ankayankha kuti kwathunso anthu anawomberedwa, ndipo ankafunsa kuti amene anapita kunkhalangowo anadzuka n'kungopita, kapena panali wina amene anayamba walankhula nawo. Tsiku lina Mzee anati ngakhale chinkhwe chimalankhula. Agogo ananyamula ndodo yawo n'kukwera m'mwamba, ndipo kwa masiku angapo benchi linakhala la munthu mmodzi. Zinatha pamene Mzee anakwera yekha masitepe atanyamula chimanga chootcha chopaka ndimu ndi tsabola, nati alibe wina womuyankha zamwano.

Chimene chinkawapweteka pa mawu a chinkhwe aja ndinachimvetsa bwino atandifotokozera nkhani ya pa bwalo la mpira. Ankaifotokoza pang'onopang'ono, Lamlungu lino chigawo ichi, Lamlungu linalo chigawo china, malinga ndi kutalika kwa mdipiti.

Inali nthawi ya chitaganya, dziko lathu litalumikizidwa mokakamiza ndi mayiko awiri oyandikana nawo. A Matewere anali mnyamata wongomaliza kumene kuphunzira ukalipentala pa mishoni, wodziwika ndi mawu aakulu m'kwaya. Nthambi ya chipani cha omenyera dziko m'dera lawo inaitanitsa msonkhano pa bwalo la mpira, pafupi ndi minda ya tiyi, ndipo nsanja yolankhulirapo anakhoma ndi iwowo. Anthu anabwera ochuluka, ena atakwera m'mitengo. Dzuwa litafika pamutu panamveka uthenga woti wolankhula wamkulu, amene ankachokera ku Blantyre, wagwidwa panjira.

Mzungu wamkulu wa apolisi anali pomwepo ndi anyamata ake a mfuti, womasulira ali pambali pake. Anauza akuluakulu a nthambi kuti msonkhano ukhoza kupitirira, koma aliyense wokwera pansanja akangotchula mawu oti ufulu kapena chitaganya, akagona m'chitokosi. Akuluakulu aja anayang'anizana. Wina anati mawu ake asasa, wina anati ali ndi ana aang'ono. Anthu anayamba kunyamula njinga zawo.

"Ndinaona kuti misomali yanga ipita pachabe," ankatero a Matewere akuseka. "Ndiye ndinakwera."

Anayamba ndi kupereka moni kwa mzungu uja mwaulemu wonse, namutcha mlendo wathu wolemekezeka. Kenako anatembenukira kwa anthu nati, "Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma taonani, abale anga, dzuwa lili pamutu, mame athuwa akadali pa udzu." Anthu anaseka, ndipo amene ananyamula njinga anazitsamiritsanso. Womasulira anangomasulira za mame zokhazo. Mzungu anayang'ana udzu.

A Matewere ankati sanauze anthu aja chilichonse chachilendo, ankangowafunsa zimene ankazidziwa kale. Anafunsa kuti tiyi wobiriwira m'mapiriyu anabzala ndani, anthu nati ife. Msewu wopita ku boma anakumba ndani, ife. Nanga pogula shuga m'sitolo ya mzungu, amene amaimirira pazenera kunja ngati wopempha ndani, ife. Mawu oti chitaganya sanawatchule. Anangoti pali ukwati wina umene anatikwatitsa tili m'tulo, nafunsa ngati alipo pabwalopo amene ankhoswe anamufunsa maganizo. Amayi anayamba kululutira.

Kenako anafika pa mfundo imene ankainyadira kwambiri mpaka ukalamba wawo. Atsamunda ankanena kuti anthu akuda sanakhwime, sangathe kudzilamulira. A Matewere anati, "Mayi anga analera mwana wa bwana wa pa esiteti. Anamusambitsa, anamudyetsa, anamuchezera akudwala malungo. Munthu amene mungamusiyire mwana wanu wobadwa yekha, mukuti sangathe kusankha womusungira msonkho wake? Akuti tikadzilamulira tidzalakwitsa. Inde tidzalakwitsa. Koma munthu wamkulu ndi amene amaloledwa kulakwitsa m'munda mwake, n'kukonza yekha chaka chamawa."

Apa anaima. Anayang'ana mzungu uja, nayang'ana anthu, nati, "Chimene tikufunacho chili ndi dzina. Ine andiletsa kulitchula, ndipo ndine munthu womvera malamulo. Koma lamulolo ndi la wokwera pansanja. Inu muli pansi."

Bwalo lonse linangoti zii. Anthu anayang'ana mfuti, nayang'ana pansi. A Matewere ankati m'moyo wawo wonse sanakhalepo okhaokha ngati nthawi imeneyo. Anayamba kuganiza zotsika, akapepese kwa akuluakulu, abwerere ku matabwa awo. Ndiye kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi golo, kunamveka mawu a mtsikana, akuthwa ngati mluzu: "Ufulu!" Wina anabwereza chakumanzere, kenako amayi onse, kenako bwalo lonse ndi a m'mitengo omwe. Womasulira sanavutikenso kumasulira. Agogo ankalumbira kuti anaona mmodzi wa apolisi akuda aja milomo ikutchula nawo mawuwo.

Anawamangabe tsiku lomwelo, ngakhale sanatchule kanthu, ndipo anakhala m'ndende miyezi ingapo. Za m'ndendezo sankakonda kukamba. Chimene ankakamba ndi choti atatuluka anayamba kufunsafunsa kuti mtsikana anakuwa uja anali ndani. Anamupeza m'mudzi wina kutsidya kwa mtsinje akuyanika mphale. Atamufunsa kuti kulimba mtima kotere anakutenga kuti, iye anayankha osadzutsa n'komwe mutu, "Ndinkachokera kuchigayo, ufa unkandilemera, ndipo inu munkachedwa." Mtsikanayo anali Esinati. Zaka zonse za banja lawo, ankatero Tamanda, makolo akewo ankalimbirana kuti mwini wake wa msonkhano uja anali ndani. Mayi ankati bambo anangokhoma nsanja n'kufunsa mafunso, koma yankho linali lawo. Bambo ankati yankho silibwera popanda funso. Akafika apa pofotokoza, agogo ankanena kuti mwina mayi aja ankanena zoona.

Koma tsiku limene ambiri a ife timawakumbukira nalo ndi la chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, chaka chawo chomaliza. Tinabwereka holo ya tchalitchi china, tinapachika mbendera, amayi anavala zitenje zofanana zimene tinakasankha ku Eastleigh. Woyendetsa mwambo anali Limbani, loya wachinyamata wanzeru zake komanso wa pakamwa posachedwa. A komiti anali atagwirizana mwakachetechete kuti chaka chimenecho agogo asalankhule, poti nkhani yawo aliyense ankaidziwa ndipo oimba anali atabwera kale.

Pa nthawi ya chakudya, Limbani anadutsa pa tebulo lawo, ndipo agogo anamufunsa chifukwa chake dzina lawo silinamveke. Limbani anayesa kuzemba, koma kenako zinamutuluka. "Agogo, tinene zoona. Ufulu wanu uja unatipatsa chiyani? Taonani m'holo muno. Madokotala, maloya, aphunzitsi, tonse tili m'dziko la eni kudzasaka. Mawu okoma aja sanamange chipatala."

Masipuni anasiya kulira m'mbale. Tamanda anadzuka kuti amuyankhe, koma bambo ake anamugwira dzanja. Anaimirira okha, pang'onopang'ono, nakana maikolofoni.

"Mwana uyu wafunsa bwino," anatero. "Ndipo pali chigawo cha mawu anga aja chimene simunachimvepo, chifukwa ngakhale pa bwalo paja sichinamveke. Phokoso linachimeza, apolisi n'kundigwetsa pansanja. Ndinkafuna kumaliza ndi kunena kuti tsiku lina mlendo adzapita, ndipo pampando pake padzakhala mwana wa kwathu. Ameneyo akadzayambanso kutiuza mawu oti tisatchule, tidzadziwe kuti tangosintha chipewa, mutu ndi womwe uja."

Anatikumbutsa kuti zimenezo zinachitikadi. Kwa zaka zambiri dziko litadzilamulira, munthu ankayamba wayang'ana kuchitseko asanalankhule. Iwo ankapanga mipando ndi mabokosi a maliro, ndipo chigawo chomaliza chija ankangochinena kwa mayi Esinati m'nyumba, wailesi atakweza. Kenako anatembenukira kwa Limbani.

"Iwe wandifunsa funso lako pagulu, mokweza, m'kamwa muli nyama ya nkhuku, ndipo sunayang'ane kuchitseko. Chimenecho ndicho ndinakubweretsera. Ndi chochepa, ndikuvomera. Chipatala sichinamangike chonse. Koma ine ndinalonjeza kuti tidzalakwitsa m'munda mwathu, sindinalonjeze kuti ndidzakulimira mpaka kalekale."

Anthu anaseka, Limbani nayenso anaseka akupukusa mutu. Tinkaganiza kuti amaliza, koma anakweza ndodo. Anati m'masiku awo chofunika chinali ndi dzina limodzi, ndipo analidziwa. Cha masiku ano iwo sakulidziwa dzina lake, poti ndi okalamba. "Palibe wakuletsani. Tanenani."

Tinakhala chete, anthu ophunzira athunthu, ozolowera kulankhula m'misonkhano ya m'mahotela. Kenako mayi wina wogwira ntchito ku bungwe la mpingo anati, "Mankhwala m'zipatala." Mnyamata wina wa ku yunivesite anati ntchito. Wina anati akuba a m'boma azimangidwa. Limbani anati makhoti osaopa munthu. Kumbuyo wina anakuwa kuti magetsi, holo yonse n'kugwa nacho chiseko, ndipo anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, kutsutsana, kulozana ndi mafoloko. A Matewere anakhala pansi nkhope ikuwala. Anandikoka mkono nati, "Mwamva, mayi? Ife tinali ndi liwu limodzi, zinali zophweka. Awa ali ndi mawu ambirimbiri ndipo sakugwirizana. Ndi mmene chimamvekera chinthu chija chikafika."

Tsiku limenelo anavina. Oimba atayamba, anapatsa Tamanda ndodo kuti awasungire, nalowa m'bwalo mapewa akugwedezeka, amayi akuwakupiza ndi zitenje. Limbani ndi amene anawaperekeza ku galimoto, ndipo kuyambira pamenepo ankapita ku Kilimani Loweruka lililonse kukakangana nawo. Mzee Wanjohi anachita nsanje poyamba, kenako anaona kuti awiri akhoza kugwirizana zomugonjetsa loya.

Anadwala nthawi yochepa, m'miyezi yozizira ya kuno. Chibayo chinawagwira, ndipo anamwalira m'chipatala masana, Tamanda ali pambali pawo. Pa mwambo wowatsanzika thupi lisananyamuke, ambiri tinalankhula, ndipo aliyense ankayesetsa kufupikitsa. Womaliza anali Mzee Wanjohi. Anaimirira atavala suti yakale ya ntchito, nati munthu uyu anali wamakani kuposa onse amene anakumana nawo, sanavomerepo kugonja ngakhale kamodzi, ndipo tsopano iye sakudziwa kuti m'mawa azidzukira chiyani. Anakhala pansi. Tinalira ndi kuseka pamodzi.

Dzulo ndinapita kukamuona Tamanda. Ananditengera pakhonde la m'mwamba la kuchipinda kumene kunkagona bambo ake, kumene ine ndinali ndisanafikeko. Ndi kakhonde kakang'ono, kokwana mpando umodzi ndi zitini zingapo zimene anabzalamo mpiru, womwe tsopano unachita maluwa n'kuuma. Mpando ulipobe, wopendekera kumsewu. Pa chitsulo chotchinga khonde pali malo awiri pamene penti inachoka, motalikirana ngati manja a munthu woimirira.

Kutsidya kwa mpanda akumanga nyumba ina yaitali, yomwe yakhala ikumangidwa kwa zaka. Tamanda anandiuza kuti amisiri akakhala pansi kumwa tiyi wa m'mawa, bambo ake ankaimirira pamenepa n'kumawalankhula m'Chiswahili chawo chothyoka chija, za malipiro, za mavoti, za kumanga zipupa zowongoka, iwo akuwombera m'manja ndi kuwayankha zachipongwe. Tili chiimire, mmisiri wina amene anali pa nsanjika yoyang'anizana nafe anasiya wilibala yake natiyang'ana. Zikuoneka kuti anali atachokapo nthawi yaitali n'kubwereranso. Anakuwa kuti, "Mama, mzee yuko wapi?" kufunsa kumene kuli madala.

Tamanda anayankha kuti anabwerera kwawo. Munthu uja anayang'ana mpando. Kenako anavula chipewa chake cholimba chija, nachigwira pachifuwa, mpaka mnzake wa pansi anamukuwira kuti simenti ikuuma.